Kafunde Pamwamba pa N

Mvula ya mu Julayi ikugogoda malata a Valparaíso.
M'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya maukonde
Maite Barría wavala magolovesi odula zala,
akulemba.
Seva ili ku Santiago, m'nyumba yozizira imene iye sanapondemo,
koma akaiitana imavomera ngati ili pakhonde.

Ntchito yake ndi masamba zikwi zinayi
amene malemu Eulogio, mlembi wa bungwe la asodzi,
analemba ndi chala chimodzi zaka makumi awiri zapitazo:
mitengo ya nsomba, maola a mafunde,
ndi mayina a amene nyanja sinabweze.

Mkuluyo ankatsegula zitseko osatseka.
Ndime yayamba, sinathe.
Tebulo m'kati mwa tebulo, m'kati mwa tebulo linanso,
ndipo timilomo tosongoka tija totsekera mawu
tina tayang'anana, tina tafulatirana.

Dzana Maite anafuna chidule.
Analemba mzere umodzi wosaka:
paliponse upeze ichi, chotsa.
Mzerewo unali ndi njala.
Unameza kuyambira pamutu mpaka pa dzina la mlembi,
tsamba linangotsala mbee.
Anaseka yekha, kenako kuseka kunamuthera.
Kuthamanga sikufika.

Lero wapatsa pulogalamu tsamba lathunthu kuti iwerenge modekha,
ndipo pamene iye ankaona chipwirikiti
iyo yaona mtengo:
muzu umodzi, mutu ndi thupi,
nthambi iliyonse ndi kholo lake,
ana, abale a bere limodzi,
ndi amasiye amene Eulogio anawaiwala panja.
Amenewo yawapezera pogona osafunsa.
Chitseko chosiyidwa pululu yachikankha mwakachetechete.

Tsopano akuyenda nthambi ndi nthambi.
Apa wasadza zilembo zofiira zimene zinkalasa maso.
Apa ulalo wopita kubwinja waulozetsa kumene kuli anthu.
Chithunzi chilichonse cha bwato wachipatsa mawu
kuti wosaona naye alimve likudutsa.
Masamba zana pa mphindi.
Khofi wazizira kalekale.

Usiku utagawikana watsegula tsamba la otayika.
Mizere yawongoka, paliponse pasesedwa,
koma pa dzina lachisanu ndi chiwiri pali chilema.
Ñancupil, Rosamel, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi:
chilembo chake choyamba chasanduka funso m'kabokosi kakuda.
Kafunde kokhala pamwamba pa N kamira.

Eulogio anasunga zilembo m'kawerengedwe kakale ka makina,
pulogalamu yaziwerenga m'katsopano,
ndipo palibe anauza mnzake.

Maite amawadziwa alongo ake a Rosamel, mayi Fresia,
ogulitsa nkhanu pafupi ndi doko.
Novembala aliyense amapempha mdzukulu
awatsegulire tsambali pa foni,
n'kuika chala pa dzinalo osaliwerenga,
maso anafooka kale,
amalizindikira ndi kafundeko.

Chosowa ndi mzere umodzi wokha pamwamba pa khodi,
wouza pulogalamu m'mene zilembo zinasungidwira
isanayambe kuwerenga.
Maite waulemba.
Wabweza masamba onse m'mene analili dzulo,
ndi zitseko zawo zosatseka, ndi zofiira zawo zonse.
Wayambanso. Zikwi zinayi, kuchokera pa muzu.

Kunja sitima ikulira, ikupempha njira m'chifunga,
galu wa pasitolo waiyankha kawiri n'kugona.
Iye wangokhala, manja m'khwapa,
kuyang'ana manambala akukwera.

Mbandakucha kafunde kabwerera pamalo pake.
Potsika ndi mndandanda wapeza enanso khumi ndi anayi
amene akanamira kachiwiri osadziwika:
Muñoz awiri, bambo ndi mwana,
Quiñones, Peña, Carreño wa bwato lobiriwira.
Palibe anamutuma, malipiro ake sawerengera zimenezi,
koma wavula magolovesi,
wawerenga mayinawo mokweza, limodzi limodzi,
lilime likukhudza chibwano cham'mwamba pa kafunde kalikonse,
kenako wazimitsa nyale.